Bokosi la Utuchi

Cape Town,
12 Meyi 2024

Okondedwa Adada,

Muli bwanji ku Kawaleko? Ine ndili bwino, kungoti chisanu chayamba ndipo nkhalamba zimene ndimasamalira kuno zayamba kukana kusamba. Ndakulemberani kalata monga mumafunira, poti pa foni mumangoti "Eti? Eti?" kenako n'kunamizira netiweki. Si netiweki, Adada. Ndi makutu anu amene anadyedwa ndi macheka aja.

Lumbani wanditumizira chithunzi chanu muli m'shedi. Ndinachiyang'ana kawiri ndisanadziwe kuti ndinu, ndimayesa munthu wa pachigayo. Tsitsi, nsidze, m'makutu, monse mbuu ndi fumbi la matabwa. Ndisanamalize kudabwa, mlongo wangayo watumizanso ekisire ija ndi mawu a adokotala, akuti mukapitiriza kupuma fumbi limeneli chifuwacho chidzakutengani. Ndinakhala pansi pakhonde la kuntchito. Inu munandiuza kuti ndi kachimfine chabe.

Ndikudziwa kuti macheka amenewo si chitsulo wamba kwa inu. Munawagula amayi atangotisiya, ndipo ndi amene anakudzutsani pampando uja munkakhalapo tsiku lonse osayankhula. Sindinaiwale. Koma simudyera pamenepo, Adada, penshoni muli nayo. Kawale yense akukhalira timipando tanu taulere, ndiye mufere timipando?

Ine ndi Lumbani tagwirizana chimodzi. Fumbi lichoke m'shedimo, apo ayi macheka agulitsidwe, inu mukakhale kwa Lumbani ku Area 25. Adokotala akadzakuyezaninso mu Ogasiti ndiwo adzatiuze.

Herbert wa thiraki uja akupatsani katoni pamodzi ndi kalatayi. Muli makina opopa fumbi, paipi yake ndi thumba logweramo utuchi. Ndikupempheni chinthu chimodzi: chopoperacho ndi macheka zikhale pa swichi imodzi, kuti musamacheke osachiyatsa. Ndimakudziwani, mungamati ndingodula kamodzi kokha.

Mundiyankhe msanga.

Mwana wanu,
Tusekele

Kawale,
9 Juni 2024

Mwana wanga Tusekele,

Kalata yako ndinalandira, katoni ndinalandira, chigamulo chanunso ndinalandira. Ndinawerenga nditaima, ndinamalizira nditakhala. Sindinadziwe kuti ndinabala majaji awiri. Ku Area 25 kwa Lumbani, nyumba ya lendi ija yoti ukakhoma msomali pakhoma mwini wake amamva ali ku Salima, ine ndikatani kumeneko? Ndizikaonera anthu akuphika pa kanema? Komabe wakutsina khutu ndi mnansi, ndamva.

Tsono tamvera zomwe bambo ako achita. Pansi pa tebulo la macheka paja panali pululu, utuchi wina umagwa pansi, wina n'kuuluka kulowa m'mphuno mwanga. Ndatseka mbali zonse ndi pulayi, lakhala bokosi. Pansi pake ndapendeketsa kuti utuchi uzitsetserekera kukamwa kwa paipi. Ming'alu yonse ndamata ndi mphira wa chubu chakale cha njinga, ndipo mpata umene buledi, chitsulo cha mano chodula matabwa chija, imatulukira pamwamba ndauchepetsa, wangotsala wokwana buledi yokhayo. Pambali ndasiya kachitseko kongolowa mkono, koti ndizitsegula paipi ikatsekeka, chifukwa matabwa ambiri a ku Biwi amabwera aawisi ndipo utuchi wake umaumbika. Swichi ndi imodzi monga unalamulira, ya pakhoma ija.

Tsiku loyamba ndinacheka thabwa la bulugamu, n'kuyang'ana malaya anga, akuda bii ngati mmene ndinawavalira. Nditatsegula thumba madzulo ndinagwira pakamwa. Zonsezi ndimameza ine? Ndachita mantha, mwana wanga, ndisakunamize.

Amene sanakondwe ndi Mayi Vaileti a kuseri kwa mpanda. Paja mandasi awo onse amakazingira pa mbaula ya utuchi, ndipo utuchiwo ndi wanga, amadzasesa okha tsiku lililonse osagogoda. Anafika ndi tsache ndi saka yawo, n'kupeza pansi poyera ngati m'tchalitchi. Anaima pakhomo kukamwa yasa, kenako anandifunsa ngati ndakwatira mwakabisira. Ndinawaonetsa thumba, ndinati kuyambira lero utuchi wawo uzibwera wosonkhanitsa kale, tsache lipume. Anati makina a ku Joni amenewa awaona, koma sakuwakhulupirira. Zaka zonsezi akhala akundilalatira kuti fumbi langa likudetsa zovala zawo pachingwe, lero fumbi latha akudandaulanso. Munthu sakhutira.

Magetsi akuthimathimabe monga kale. Ine njira yanga sinasinthe: akathima ndimasiya swichi ili choyatsa, ndipite pa golosale ya pakona kukasewera bawo. Akabwera, macheka amandiitana okha. Tsopano ndi chopopera chakochi phokoso lawirikiza, mpaka wometa tsitsi wa kumsika akumva. Ana amakuwa kuti "Abwera!", amayi n'kuthamangira kukatchaja mafoni. Bambo ako ndiwo belu la Kawale, uzinyadira.

Ndalama sindikupempha. Ukapeza kapaipi kena kofewa kotalikirapo, mpatse Herbert.

Ndine bambo ako,
Zebedee Msiska

Cape Town,
21 Julaye 2024

Lumbani,

Moni ndikupatsa chifukwa ndi mwambo, koma mtima wanga suli pa moni. Foni sukuyankha. Mauthenga anga ukuwerenga, ndikuona, koma uli zii. Ndiye ndakulembera ngati Adada, Herbert akupatse pamanja ndipo asachoke usanayankhe.

Pagulu la amayi a kumpingo kwathu wina anaponya chithunzi cha pakhomo pa shedi ya Adada. Pansi pali magazi, malaya a Adada a mizere aja ali pomwepo, ofiira. Pansi pake analemba kuti tiwakumbukire m'mapemphero, patangopita kanthawi chithunzicho chinafufutidwa. Ndaimbira anthu atatu, aliyense akungoti Mulungu ndi wamkulu, n'kudula foni. Foni ya Adada ndi yozima.

Ine kuno ndikugwira ntchito ngati chidole. Dzulo ndinampatsa gogo wina tiyi wothira mchere. Ndiuze zoona, Lumbani, ndine mkulu wako. Adada ali moyo? Manja ali nawo? Ngati ndi zoti ndikwere basi, nena ndikwere.

Tusekele

Area 25,
28 Julaye 2024

Asisi,

Pepani. Zina sizinenedwa pa foni, ndipo ine ndimasowa poyambira. Adada ali moyo, manja awo onse ndi athunthu. Magazi munaonawo si awo. Ndi a Mayi Vaileti.

Linali Lachinayi. Magetsi anathima m'mawa, ndipo aliyense ku Kawale amadziwa kuti akathima m'mawa amabwera dzuwa litapendeka. Adada anasiya swichi choyatsa monga amachitira, ulendo ku bawo. Mayi Vaileti anali ndi oda ya mandasi a pachinkhoswe, ndiye anabwera masana kudzatenga utuchi. M'thumba anapezamo kochepa, chifukwa paipi inali itatsekeka ndi utuchi wauwisi, wonse unadzaza m'bokosi muja. Iwo anawaonapo Adada akutsegula kachitseko kapambali. Anagwada, anatsegula, analowetsa mkono n'kuyamba kukokera utuchi musaka yawo. Kale ankasesa ndi tsache, buledi ili kutali pamwamba. M'bokosimo buledi ili pomwepo, itakwiririka.

Tsiku limenelo magetsi anabwera msanga.

Anzawo a bawo akuti Adada atamva macheka alira anaimirira akumwetulira, ana panjira akukuwa kuti abwera. Kenako macheka anasintha kaliridwe. Akuti Adada anagubuduza bawo lonse, n'kuthamanga liwiro loti palibe anawaonapo nalo. Anazimitsa, anavula malaya n'kumanga dzanja la Mayi Vaileti, anawakweza pa njinga yamoto ya kabaza, iwo atawagwirira kumbuyo ali chifuwa pamtunda mpaka kuchipatala.

Zala ziwiri za kudzanja lamanja zapita, chamkombaphala ndi chapakati. Adokotala anafunsa ngati tabwera nazo. Ndinathamangira ku shedi, ndinafufuza m'bokosi monse osapeza kanthu. Makina anu amakoka bwino, Asisi. Ndinakazipeza m'thumba, koma nthawi inali itatha kale. Mpaka lero mandasi sindidya.

Ndinkayembekeza kuti abale awo abwera ndi mlandu, mwina apolisi. Anabweradi anthu anayi, ine thukuta kamukamu, koma anangothokoza kuti Adada anawathamangitsira kuchipatala, n'kunena kuti tsoka silinunkha. Adada anakhoma shedi ndi loko, makiyi anandipatsa ine. Foni anazimitsa okha.

Mayi Vaileti atuluka m'chipatala, bala likupola. Ine maganizo anga ndi oti macheka apite basi. Pali kalipentala wina wa ku Mchesi, a Stephano, akuwafuna.

Mlongo wanu,
Lumbani

Kawale,
18 Ogasiti 2024

Tusekele mwana wanga,

Ndikhulupirira uli bwino. Makalata ako awiri ndinalandira, ndalephera kuyankha msanga. Usadzizunze ndi nkhani ya swichi imodzi ija. Inde, zikanakhala ziwiri ndikanasiya chopopera chokha kuti chizindiitana, koma swichi siidzisiya yokha choyatsa. Ndinaisiya ndine, bokosi ndinakhoma ndine, kachitseko ndinaboola ndine.

Kuchipatala ndinapita monga tinapanganira. Adokotala anamvetsera chifuwa, anayang'ana ekisire yatsopano, n'kundigwira chanza. Akuti chilichonse chimene ndachita ndipitirize. Kutsokomola kwatha, ndikupuma bwino kuposa zaka zonsezi, ndipo ndikuchita nako manyazi kupuma kumeneku.

Mlandu wanu uja ndawina, koma macheka sindikuwafunanso. Ndamuuza Lumbani kuti a Stephano abwere ndi galimoto kumapeto kwa mwezi uno. Ku Area 25 ndipita. Madzi akatayika saoleka.

Bambo ako,
Zebedee Msiska

Kawale,
20 Ogasiti 2024

Tusekele,

Ndine Vaileti, mayi ako a kuseri kwa mpanda. Uli bwanji kumeneko? Zilembo zikamavina usaseke, ndikulemba ndi dzanja lamanzere, langoyamba kumene sukulu. Kalatayi ndampatsa ndekha Herbert, abambo ako sakudziwa.

Nsalu ndi mankhwala unatumiza ndalandira, zikomo. Koma mawu ako opepesa aja ndakubwezera, sindikuwafuna. Iwe unalakwa chiyani? Unafuna bambo ako apume. Mkono unali wanga, ndipo ku Kawale kuno ngakhale mwana woyamwa amadziwa kuti macheka a Msiska amadzuka okha. Ine ndinawerengera magetsi ngati ndi m'bale wanga woti sangandinamize. Zala zanga ndalira, ndalira kwambiri, mpaka pano ndimafuna kukanda pamene palibe. Koma zimenezo ndi zanga.

Chimene chandidzidzimutsa ndi ichi. Ndamva kwa Lumbani kuti macheka akugulitsidwa ndipo abambo ako akusamuka. Ndinafunsa kawiri kuti mwina sindinamve bwino. Mwaganiza ndani zimenezi? Munandifunsa ine mwini zala?

Tamvera mmene zilili kuno. M'mawa uliwonse abambo ako amabwera ndi kathumba ka makala, kuika pakhomo panga, kunjuta ngati mkamwini watsopano, n'kubwerera maso ali pansi. Munthu amene ndakhala ndikulalatirana naye pampanda zaka zonsezi, lero akunditchula kuti "mayi" ndi mawu a pamaliro. Ndinayesa kuwaputa, ndinati makala awo ndi a mtengo wa mango, ongofuka utsi. Anangoti pepani. Pepani! A Msiska enieni akanandiyankha mpaka nkhuku zanga kuthawa.

Ndipo makalawo sakundithandiza. Moto wake ndi waukali, mandasi amapsa kunja mkati muli mwauwisi. Moto wa utuchi ndi wofatsa, umayaka chimodzimodzi kuyambira m'mawa mpaka ndimalize, makasitomala anga anazolowera umenewo. Kukanda ufa ndaphunzira ndi zala zotsalazi, zikutheka. Koma utuchi ndikautenge kuti? Ku Mchesi akuulimbirana oweta nkhuku, ndipo ine ndi dzanja ili sindingasenze saka kuchokera kumeneko.

Chachikulu si mandasi. Pampanda pathu pali kabowo, ndimasuzumira, usandiweruze. Mpando uja ankakhalapo amayi ako atamwalira, abwererapo. Tsiku lonse ali phee, manja pamaondo. Ku bawo sapita. Chifuwa mwachiza, koma munthuyo akutha, ndipo ku Area 25 akakathera msanga, kopanda ndi womulalatira yemwe.

Ndataya zala ziwiri, mwana wanga. Musanditayitsenso moto ndi mnansi. Iwe ndiwe wamkulu, uletse zimenezi.

Mayi ako,
Vaileti

Cape Town,
27 Ogasiti 2024

Okondedwa Adada,

Moni. Ndikulemba mothamanga, Herbert akunyamuka masana ano.

Mayi Vaileti andilembera kalata. Sindikuuzani zonse zili mmenemo, koma ndaiwerenga m'basi mpaka ndinapitirira siteji yanga. Ine ndimaganiza kuti macheka akachoka mtima wawo utsika. Ndinalakwitsa, ndipo nanunso mwalakwitsa. Akuti sakufuna makala anu, akufuna utuchi wawo ndi mnansi wawo.

Mawu anga a mu Meyi aja ndabweza. Macheka asagulitsidwe, ku Area 25 musapite. Lumbani ndamuuza pa foni koma akulimbalimba, akuti ndikuyankhula chifukwa sindinaone zimene anaona iye. Mwina akunena zoona. Komabe ndikukupemphani, a Stephano akabwera muwabweze.

M'kaphukusi aka muli swichi ina, ya mabatani awiri, lobiriwira ndi lofiira. Magetsi akathima imadzizimitsa yokha, ndipo akabwera siidzuka mpaka munthu adine lobiriwiralo ndi chala chake. Kawale apeze belu lina.

Mwana wanu,
Tusekele

Kawale,
22 Seputembala 2024

Mwana wanga Tusekele,

Ndakupatsa moni, ndipo ulendo uno ndi moni weniweni. Khala pansi usanawerenge, bambo ako aona zinthu.

Kalata yako ndi kaphukusi zinachedwa. Thiraki ya Herbert inafera ku Tete, inakhala kumeneko masabata. Choncho a Stephano anabwera Loweruka lija monga tinapanganira, ndi kagalimoto ndi zingwe, Lumbani ali nawo. Ine ndinakhala m'nyumba, sindinafune kuona. Ndinamva loko akutsegulidwa, ndinamva akukambirana za ponyamulira, kenako kunangoti zii. Patapita kanthawi Lumbani analowa maso ali tong'o, akuti Adada tabwerani mudzaone.

Mayi Vaileti anali atakhala pamwamba pa tebulo la macheka, pambali penipeni pa buledi ija, miyendo ikulendewera, chitenje atamanga m'chiuno ngati akupita kumunda. Mmene anakwerera palibe anaona. Mtima wanga unaima. Ndinayang'ana kukhoma, pulagi inali yozula. A Stephano anayesa kuwanyengerera, Lumbani anayesa kuwauza kuti nkhaniyi ndi ya pabanja. Iwo anangokweza dzanja lija m'mwamba, aliyense alione.

"Macheka awa ndinalipira ndine, ndipo ndinalipira modula kuposa nonsenu. Amene akuwafuna anyamule ndi ine ndemwe."

A Stephano ndi munthu waulemu. Anavula chipewa, anakulunga zingwe zawo, anati iwo sagula katundu wokhala ndi mwini pamwamba. Lumbani anakhala pachitsa panja, nkhope m'manja, sindikudziwa ngati amalira kapena amaseka. Ine ndinawauza Mayi Vaileti kuti atsike asanathyole tebulo langa, poti silinapangidwire anthu odya mandasi awo omwe. Zinangotuluka zokha. Anandiyang'ana n'kunena kuti eya, a Msiska abwera.

Kaphukusi kako katafika, Lumbani yemweyo ndiye anaitana wamagetsi kudzaika swichi. Ine ndinakonzanso bokosi. Pansi ndapendeketsa kwambiri, paipi ndaika yotakata, ndipo matabwa aawisi ndikuyamba ndawaumika pakhonde. Kachitseko kaja kali ndi loko, kiyi wake ndamangirira ku pulagi ndi kawaya kakafupi, moti sungatsegule usanazule. Zonsezi ndinachita ndi sowo yapamanja ndi hamala. Macheka sindinawayatse.

Ntchito itatha ndinaima kutsogolo kwa batani lobiriwira lija tsiku loyamba, lachiwiri, mpaka sabata. Chala chimafika pafupi n'kubwerera chokha. M'makutu mwanga, ogonthawa, ndimamvabe mmene macheka anasinthira kaliridwe tsiku lija. Ndimaopa, Tusekele. Munthu wamkulu ngati ine, mkulu wampingo, kuopa batani.

Lachiwiri lapitali m'mawa Mayi Vaileti analowa osagogoda monga kale, saka ili kukhwapa. Anandipeza nditaima pomwepo, thabwa lili patebulo. Anasuzumira m'thumba, mopanda kanthu, anayang'ana loko wa pakachitseko n'kugwedeza mutu movomera. Kenako anandikankhira pambali ndi chigongono, anatambasula dzanja lamanja lomwelo, n'kudina batani ndi chala chachikulu.

Macheka analira, chopopera chako chinalira. Panjira ana anakuwa kuti abwera, ndipo ndinaona pawindo amayi awiri akutuluka ndi mafoni m'manja, chonsecho magetsi analipo chiyambire dzulo lake. Mayi Vaileti sanasunthe, sanaphethire n'komwe. Anandiyandikira kukhutu, poti amadziwa za makutu angawa.

"Chekani, a Msiska. Mandasi sadikira."

Ndinacheka, mwana wanga. Thabwalo linatuluka lokhota, koma thumba linadzaza.

Ndine bambo ako,
Zebedee Msiska